KHASU LIKASINTHA MWINI: Kodi lonjezo la pa dzina limatsala ndi yani?

Mwezi wa Okutobala ukafika, misika ya ku Jenda, ku Embangweni ndi pa boma la Mzimba imasintha maonekedwe. Pamene miyezi ya m'mbuyomo pamadzaza matumba a chimanga ndi nyemba, tsopano pamayalidwa makasu, nkhwangwa, zikwanje, maunyolo a ng'ombe ndi mipeni ya pulawo. Mlimi wa m'dera la Engutwini sagula khasu mothamanga. Amalinyamula kuti amve kulemera kwake, amaligogoda ndi kamwala, kenaka amapukuta fumbi kuti aone chizindikiro chimene chidadindidwa pa chitsulo. Akachiona chizindikiro chimene bambo ake ankachikhulupirira, mtima umakhala pansi ndipo amapisa m'thumba.

Ife a m'mbali mwa nyanja nkhaniyi ikutikhudza mbali ziwiri. Mbali yoyamba, nafenso timalima, timasema mabwato, timapala matabwa, ndipo zida zimene zili ku Jenda ndi zomwezo zimene zili ku Nkhotakota, ku Salima ndi ku Mangochi. Mbali yachiwiri, abale athu ambiri adakwera kumtunda ndi madengu a usipa, ndipo ena a iwo lero ali ndi timasitolo ta zitsulo m'misika imeneyi. Choncho pa malonda a khasu, Msilamu amapezeka kuseri kwa tebulo ndiponso kutsogolo kwake.

Funso lathu ndi ili: chizindikiro chimene mlimi uja akuchikhulupirira ndi cha yani lero? Mayina a zida amagulitsidwa monga momwe amagulitsira ng'ombe. Mwini wake amasintha, fakitale imasamuka, chitsulo chimasintha, koma chithunzi cha pa khasu chimakhala chomwecho. Nanga khasulo likathyoka sabata yoyamba ya dzinja, mlimi akagogoda pa khomo la yani?

Pamene wosula anali mnansi

Makolo athu funsoli adalibe, chifukwa wosula khasu ankamudziwa nkhope. Mbiri ya Ayao imene Yohanna Abdallah adalemba m'buku lake la Chiikala cha Wayao, lotuluka mu 1919, imanena za a Chisi, fuko la amisiri a chitsulo. Iwo ankayenga miyala, nasula majela, ndiye kuti makasu, ndi kuyenda nawo mudzi ndi mudzi kukasinthanitsa. Maulendo a makasu amenewa ndiwo adatsegula njira zimene pambuyo pake zidafika mpaka ku Kilwa, m'mbali mwa nyanja yamchere. Tinganene kuti malonda amene Ayao adatchuka nawo adayambira pa chipala.

Kumpoto nako kunali akatswiri ake. Aphoka a m'mapiri a ku Rumphi ankadziwika ndi ng'anjo zawo, ndipo mayembe awo, monga amatchulira makasu m'Chitumbuka, ankafunidwa kutali. Khasu silinali chida cholimira chokha. Linali chuma chosinthanitsira katundu, choperekera ku ukwati ndi cholemekezera mafumu. Mbiri ya ku Nkhamanga imati Mlowoka, wamalonda amene adaoloka nyanja kuchokera kuvuma, adakopa mitima ya eni dziko powagawira nsalu, mikanda ndi makasu, ndipo anthu amagwirizanitsa dzina la ufumu wa Chikulamayembe ndi makasu omwewo. Angoni a Inkosi M'mbelwa atakhazikika m'dziko limene lero ndi Mzimba, adapeza anthu odziwa kale kusula.

Masiku amenewo chitsimikizo cha khasu chinali manyazi a wosula. Khasu likang'aluka, mwini wake ankabwerera nalo pa chipala, wosula nkupukusa mvukuto, kulikonza popanda mlandu. Akakana, mudzi wonse ukadamva, ndipo chaka chamawa palibe akadabwera ndi nkhuku kudzasinthitsa khasu. Makasu a m'sitolo ochokera ku Ulaya atachuluka m'nthawi ya atsamunda, ng'anjo zidayamba kuzima imodziimodzi, ndipo pofika zaka za m'ma 1930 kuyenga miyala kunali kutatsala pang'ono kutheratu. Kuyambira pamenepo mlimi adasiya kudalira nkhope ya munthu nayamba kudalira chithunzi chodindidwa pa chitsulo.

Fakitale ya ku Blantyre

Dziko lathu litalandira ufulu mu 1964, boma lidakhazikitsa bungwe la Malawi Development Corporation, MDC mwachidule, kuti lithandize kumanga mafakitale opanga zinthu zimene tinkaitanitsa kunja. Imodzi mwa makampani amene bungweli linali ndi gawo ndi Agrimal ya ku Blantyre, yopanga makasu, mapulawo okokedwa ndi ng'ombe, zopangira mizere ndi zopalira. Kwa alimi a ku Mzimba, boma limene ng'ombe zapagoli ndi zambiri kuyerekeza ndi madera ena, dzina limeneli linali lodziwika bwino. Zida zake zinkapezeka m'masitolo akuluakulu a nthawiyo, ndipo chofunika koposa, mpeni wa pulawo ukatha, wina wolingana nawo unkapezeka m'dziko momwe muno.

Kampaniyi idadzalowana ndi Chillington ya ku England, mpaka idayamba kutchedwa Chillington Agrimal. Chillington ndi dzina lakale la mumzinda wa Wolverhampton, lotchuka ndi makasu a chizindikiro cha ng'ona amene adafalikira m'maiko ambiri otentha. Idali ndi fakitale inanso ku Jinja m'dziko la Uganda. Ndiye onani mmene dzina limayendera. Mu 1996 boma la Malawi lidakhazikitsa lamulo logulitsa makampani a boma, ndipo gawo la boma mu Chillington Agrimal linali m'gulu la zogulitsidwa. Ku England nakonso zinthu sizidaime. Kampani yaikulu imene inali mwini wa Chillington idasintha dzina kukhala Plantation & General, nkuika mtima wake pa minda, kuphatikizapo minda ya tiyi ya Lujeri ku Mulanje. Dzina la makasu a Chillington lidapita m'manja mwa Ralph Martindale, kampani ya ku England yodziwika ndi zikwanje. Zonsezi zinkachitika m'maofesi akutali, mlimi wa ku Embangweni ali m'munda mwake.

Zaka zomwezo zipata za malonda zidatseguka. Mu February 1994 kwacha idasiyidwa kuti iziyenda ndi msika, ndipo mphamvu yake idagwa. Fakitale ya kuno, imene imagula chitsulo chonse kunja chifukwa Malawi alibe ng'anjo yaikulu yoyengera miyala ya chitsulo, idayamba kulipira zambiri pa chitsulo chomwecho. Pamene zinali choncho, makasu ndi zikwanje za ku China ndi ku India zidayamba kulowa kudzera ku Dar es Salaam, Beira, Nacala ndi Durban, pa mtengo umene wopanga wa kuno sakanaufika. Mavuto amenewa sadathe, pakuti kwacha idatsitsidwanso ndi 25 peresenti mu May 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023.

Tisanamizane kuti chilichonse cha kunja ndi choipa. Ku China kumachokera makasu abwino ndi oipa omwe, malinga ndi ndalama imene woitanitsa walipira. Mapulawo a Mealie Brand opangidwa ndi Zimplow ku Bulawayo akhala akulima m'chigawo chino cha Africa kwa zaka zambiri. Vuto lenileni ndi lakuti pa tebulo limodzi pali zida za mitundu khumi, zina za mayina enieni, zina zobera chizindikiro, zina zopanda dzina, ndipo palibe amene akuziyimira kumbuyo.

Zimachitikanso kwa olemera

Wina angaganize kuti izi ndi za maiko osauka okha. Ayi. Ku America kuli dzina la zida lotchedwa Craftsman, limene masitolo a Sears adayamba kugulitsa mu 1927. Masipanala ndi zida zina za dzinali zidatchuka chifukwa cha lonjezo limodzi: chida chikathyoka, ngakhale patapita zaka makumi atatu, munthu ankangolowa nacho mu sitolo ya Sears iliyonse nkutuluka ndi chatsopano, osalipira kanthu. Bambo ankasiyira mwana wake bokosi la zida pamodzi ndi lonjezolo.

Cha m'ma 2010, Sears idayamba kupangitsa zambiri mwa zidazi ku China pofuna kuchepetsa ndalama zoonongeka, ndipo amisiri ambiri adayamba kudandaula kuti chida chimene ankalandira posinthitsa sichinkafanana ndi chimene abweza. Mu 2017 dzinali lidagulitsidwa kwa Stanley Black & Decker pa mtengo wa madola pafupifupi 900 miliyoni. Mu October 2018 Sears idalengeza kuti yalephera kubweza ngongole zake, ndipo masitolo ake mazanamazana adatsekedwa. Mwini watsopano adati lonjezo lija alisunga, ndipo zidazo zidayamba kupezeka m'masitolo ena monga Lowe's. Komabe khomo limene anthu adazolowera kugogoda linali litatsekedwa m'matauni ambiri.

Mwini watsopanoyo adayesanso kubwezera ntchito kwawo. Mu 2019 adalengeza kuti amanga fakitale ya madola 90 miliyoni ku Fort Worth m'chigawo cha Texas, yoti izisula masipanala a Craftsman pa dothi la America ndi kulemba anthu 500. Makina atsopano amene ankadalira sadagwire ntchito monga adayembekezera, ndipo mu 2023 kampaniyo idalengeza kuti fakitaleyo itsekedwa. Phunziro lake ndi lowawa kwa ife tonse: luso la kusula likachoka m'dziko, ndalama zokha sizilibweza msanga.

Palinso chitsanzo cha mbali ina, ndipo chili m'matumba mwathu. Mpeni wopinda wa Okapi, umene ambiri a ife timazingira nkhuku ndi kutumbulira nsomba, udayamba kupangidwa ku Solingen m'dziko la Germany mu 1902. Mu 1988 dzinalo pamodzi ndi makina ake zidagulidwa ndi kusamutsidwira ku South Africa, m'chigawo cha KwaZulu-Natal. Anyamata a ku Mzimba ndi a ku Mangochi, maboma awiri amene amatumiza ana ambiri ku Joni, akhala akubwera nayo mipeniyi m'zikwama. Apa dzina lidasintha mwini, koma makina ndi kapangidwe zidasamukira pamodzi, ndipo ntchito idabwera ku Africa. Ndiye kusintha kwa mwini pakokha si tsoka. Chofunika ndi kufunsa kuti wogula dzinayo wagula chiyani: luso ndi udindo womwe, kapena chithunzi chokha?

Khasu labwino limadziwika bwanji?

Akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Utoto wakuda wonyezimira umabisa zambiri. Popeza chizindikiro sichinganenenso zonse, tiyenera kubwerera ku nzeru za wosula.

Khasu labwino limapangidwa ndi chitsulo chokhala ndi kaboni wokwanira, mtundu womwe uja wa masipuling'i a galimoto. Chitsulocho amachiotcha mpaka kufiira, amachisula, amachiviika m'mafuta kapena m'madzi kuti chilimbe, kenaka amachitenthetsanso pang'ono kuti chisakhale chophweka kusweka. Akalumpha gawo lomalizali, khasu limauma ngati mbale yadothi ndipo limabenthuka likagunda mwala. Akagwiritsa ntchito chitsulo chofewa cha malata okhuthala, ngakhale achiviike motani sichilimba, ndipo khasu limapindika kukamwa ngati tsamba la nthochi. Kuotcha ndi kuviika kumadya magetsi ndi nthawi, ndiye ndi pamene wopanga wofuna phindu lamsanga amayambira kudula, chifukwa wogula sangaone ndi maso.

Pali njira zingapo zoyesera musanapereke ndalama. Ligwireni khasu ndi zala ziwiri ndi kuligogoda ndi kachitsulo. Labwino limalira kwa kanthawi ngati belu, pamene lofewa kapena lokhala ndi mng'alu limangoti phwa. Ngati muli ndi tupa, likwecheni pang'ono kukamwa. Tupa likamadya mosavuta ngati likupala sopo, chitsulocho nchofewa. Yang'anani pamene msuka, kachitsulo kosongoka kolowa mu mpini, wakumana ndi thupi la khasu. Pa khasu losulidwa bwino malowa ndi okhuthala ndipo chitsulo chimanka chipyapyala polowera kukamwa. Pamene msuka adachita kuwotcherera pa chitsulo chofanana paliponse, kawirikawiri ndi pomwepo pamene limadzathyokera. Pomaliza onani ngati dzina lidadindidwa m'chitsulo kapena ndi kapepala komata, pakuti kapepala aliyense angathe kusindikiza.

Amayi, amene ndiwo amagwira khasu masiku ambiri pa chaka, ali ndi mawu awo pa nkhaniyi. Kafukufuku amene mabungwe a IFAD ndi FAO adatulutsa mu 1998, wochitika ku Zambia, Zimbabwe, Uganda, Senegal ndi Burkina Faso, adapeza kuti amayi ambiri ankafuna makasu opepukirapo, makamaka popalira, koma amene ankapita kukagula anali amuna. Abambo, musanagule khasu la mayi a kunyumba, afunseni, kapena pitani nawo limodzi.

Kwa wogula pulawo funso loyamba si mtengo, koma lakuti: kodi mpeni wake, gudumu ndi mabawuti ake zimapezeka pano? Pulawo yotsika mtengo imene mabowo ake salingana ndi mipeni ya pa msika imasanduka chokhalira nkhuku chaka chachiwiri.

Tiwerengerenso ntchito imene khasu limagwira. Hekitala imodzi ya mizere yotalikirana masentimita 75 ili ndi mizere imene, mutailumikiza, ingapitirire makilomita 13. Dothi lonselo limadzutsidwa ndi chitsulo chimodzi. Ndipo ku Mzimba, kumene mvula imagwa nyengo imodzi yokha, masiku obzala ndi owerengeka. Khasu likathyoka mvula yoyamba itagwa, mlimi sataya mtengo wa khasu wokha. Amataya tsiku lopita ku msika, ndalama ya ulendo ndi chinyezi cha m'nthaka. Khasu la theka la mtengo lotha dzinja limodzi ndi lodula kuposa la mtengo wonse lotha madzinja anayi.

Lamulo likuti chiyani?

Pa zida zambiri za m'misika yathu palibe pepala la chitsimikizo, limene amalonda amalitcha galanti. Ngakhale likhalepo, fakitale ya ku Blantyre ili pa mtunda wa makilomita oposa 500 kuchokera pa boma la Mzimba, ndipo ya ku China ili kutsidya kwa nyanja zamchere. Palibe angakwere basi ulendo wotere chifukwa cha khasu limodzi. Galanti ya wopanga imakhala ndi tanthauzo pokhapokha pali wogulitsa wapafupi wovomera kuilemekeza.

Malamulo a dziko lathu amazindikira zimenezi. Tili ndi lamulo loteteza ogula la mu 2003, ndiponso lamulo la mpikisano ndi chilungamo pa malonda la mu 2024, limene lidalowa m'malo mwa la mu 1998. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission, lodziwika kuti CFTC, limalandira madandaulo a ogula ndipo lili ndi mphamvu yolamula kuti wogula abwezeredwe ndalama kapena apatsidwe katundu wina. Bungweli lakhala likuchenjeza kuti zikwangwani zija zonena kuti katundu wogulidwa sabwezedwa ndi zosemphana ndi lamulo. Palinso Malawi Bureau of Standards, imene idakhazikitsidwa mu 1972 kuti iziona ubwino wa katundu wopangidwa kuno ndi wolowa m'dziko, komanso bungwe loyankhulira ogula la CAMA, limene lidayamba mu 1994.

Koma lamulo limafuna umboni, ndipo umboni ndi lisiti. Ambiri a ife timachita manyazi kupempha lisiti pa khasu, ngati kuti tikumuyesa wogulitsa wakuba. Safunsa adadya phula. Pemphani lisiti lolembedwa tsiku, mtundu wa chida ndi mtengo, ndipo musanachoke funsani momveka kuti, "Achimwene, likathyoka pa msuka sabata ino, mudzalandira?" Yankho limene mulandire likuuzani zambiri kuposa chithunzi cha pa khasu.

Zimene chipembedzo chathu chimaphunzitsa

Chisilamu sichidadikire nyumba ya malamulo kuti chinene za galanti. M'malamulo a malonda a Shariah muli chimene ma Ulama amachitcha khiyar al-ayb, ufulu wa wogula wobweza katundu akapeza chilema chimene chinalipo pogula koma sadauzidwe. Ufuluwu sudalira pepala. Umabwera ndi malondawo. Ndipo wogulitsa amene akudziwa chilema cha katundu wake ali ndi udindo wochiulula, ngakhale wogula asafunse.

Tonse tidamva kumadrasa nkhani ya Mtumiki Muhammad (SAW) pamene adadutsa pa msika napisa dzanja mu mulu wa chakudya chogulitsa, nkupeza kuti pansi pake nchonyowa pamene pamwamba nchouma. Adamudzudzula wogulitsayo chifukwa chosaika chonyowacho poonekera, ndipo adaonetsa kuti chinyengo chimamuchotsa munthu pa njira ya Asilamu. Khasu la chitsulo chofewa lopakidwa utoto ndi kumatidwa chizindikiro cha eni ake silisiyana ndi mulu umene uja. Surah ya 83, Al-Mutaffifin, imachenjeza mwamphamvu anthu opungula miyeso, amene polandira amafuna zodzaza koma popereka amachepetsa. Wochepetsa kaboni m'chitsulo nkusiya mtengo ndi dzina momwemo wapungula muyeso umene wogula sangauone.

Qur'an yolemekezeka imachipatsa ulemu chitsulo. Surah ya 57 imatchedwa Al-Hadid, kutanthauza chitsulo, ndipo imatchula mphamvu ndi ubwino umene Allah adaika mwa icho kaamba ka anthu. Mu Surah Saba timawerenga za Mneneri Dawud (AS), amene Allah adamufewetsera chitsulo ndi kumulamula kuti popanga malaya ankhondo ayeze bwino kalumikizidwe kake. Mneneri amene analinso mfumu adalamulidwa kusamala pa ntchito ya manja. Swahaba Khabbab ibn al-Aratt (RA), mmodzi wa oyamba kulowa Chisilamu, anali wosula malupanga ku Makka.

Palinso nkhani ya munthu wa ku Madina amene adabwera kudzapempha. Mtumiki (SAW) adagulitsa kansalu ndi kambale ka munthuyo pa madirham awiri, namuuza kuti imodzi agulire chakudya cha banja, inayo agulire nkhwangwa. Mtumiki adaikamo mpini ndi manja ake, namutumiza kukatema nkhuni zogulitsa, ndipo patapita masiku munthuyo adabwera ali ndi ndalama zake. Tangoganizani nkhwangwa imeneyo ikadathyoka tsiku loyamba. Kwa munthu wosauka chida ndicho mpamba wake wonse, ndipo womugulitsa chida chabodza wamubera zambiri kuposa ndalama imene walandira.

Kwa abale athu ogulitsa zitsulo

Apa ndi pamene nkhaniyi ikutifika pakhomo. Mwini wa dzina ali ku London kapena ku Guangzhou, ndipo mawa angathe kuligulitsanso. Munthu yekhayo amene mlimi wa ku Engutwini angamuone ndi maso ndi inu amene muli pa tebulo. Malo aja a wosula wa m'mudzi, amene manyazi ake anali chitsimikizo, lero ndi anu.

Sitikunena kuti muzigulitsa zida zodula zokhazokha, pakuti matumba a anthu ndi osiyana. Gulitsani zonse, koma nenani zoona. Muuzeni wogula kuti ili ndi la dzinja limodzi, ili ndi lokhalitsa, ili chizindikiro chake ndi chongofanizira. Mukamva kuti mtundu wina wasintha kapangidwe ngakhale dzina lili lomwelo, musadikire kuti alimi adziwire m'munda. Pokaoda katundu ku Lilongwe, ku Mzuzu kapena ku Dar es Salaam, pitani ndi tupa lanu, ndipo gwirizanani ndi wokuodetsani kuti zothyoka chifukwa cha kapangidwe muzibweza. Wamalonda mmodzi sangamvedwe, koma amalonda khumi a msika umodzi akalankhula pamodzi, woodetsa amatchera khutu. Mutu umodzi susenza denga.

Pali kusiyana pakati pa khasu lothyoka chifukwa cha chilema ndi lothyoka chifukwa munthu amazulira chitsa kapena kuswera miyala. Wogula nayenso aope Allah, asabweze chida chimene waononga yekha. Koma pamene chilema chili choonekeratu, kusinthira munthu khasu limodzi kumagula chikhulupiriro cha mudzi wonse. Pakati pa anansi athu a zipembedzo zina, ambiri sadzalowa mu mzikiti kukamva khutuba, ndipo Chisilamu adzachidziwira pa tebulo lanu.

Nanga zopanga kwathu?

Mu 2016 boma lidakhazikitsa ndondomeko ya Buy Malawi yolimbikitsa kugula katundu wopangidwa kuno. Cholinga nchabwino, chifukwa khasu lopangidwa ku Malawi limalemba ntchito mwana wa ku Malawi, ndipo wolipanga angathe kupezeka ndi kufunsidwa. Koma mawu akuti chopangidwa ku Malawi asasanduke chithunzi china chobisira chitsulo chofewa. Wopanga wa kuno ayenera kuyesedwa ndi tupa lomwelo, ndipo ubwino wake woposa wa kunja ukhale wakuti iye ali pafupi ndipo amavomera kubwezeredwa.

Tisaiwalenso amisiri a pansi pa mtengo. Kuseri kwa misika yathu yambiri kuli osula amene amasandutsa masipuling'i a galimoto zakufa kukhala nkhwangwa, kasemasema ndi timakasu topalira. Nkhwangwa zambiri zimene zili m'makomo mwathu zidachokera kwa iwo, ndipo asemi a mabwato amadziwa kuti kasemasema wabwino sapezeka m'sitolo. Amisiri amenewa ndiwo okhawo otsala amene amapanga chida malinga ndi dzanja la mwini wake, ndipo chikabenthuka amachikonza inu mukuona. Mabungwe athu a Chisilamu amene amalipirira ana sukulu za ntchito zamanja aganizireko kusula ndi kuwotcherera, pambali pa utelala ndi ukalipentala. Mnyamata wodziwa kuviika chitsulo sadzasowa ntchito malinga ngati Amalawi akulima.

Dzinja likubwerali ambiri a ife tigula khasu, chikwanje kapena sowo. Tiyeni tigogode chitsulo, tifunse kumene chachokera, titenge lisiti, ndipo tibwererenso chaka chamawa kwa wogulitsa amene adatiuza zoona, ngakhale mtengo wake utakwererapo pang'ono. Allah adalitse ntchito za manja athu ndi kutipatsa rizki la halal. Ameen.